Al-Khwarizmi, katswiri wa masamu ogawira chuma chamasiye

Mukatsegula kope la masamu la mwana wanu wa kupulayimale mupezamo nambala zosanjikizana, ina pamwamba, ina pansi, pakati pali kamzere: 1/2, 2/3, 1/8. Anawo amati mafulakishoni, ife tingoti magawo. Ana ambiri amachita nazo mphwayi, ndipo makolo ena saona chimene mwana adzapindule nazo. Koma likafika tsiku loti pakhomo pagwa zovuta, anthu abwerako kumanda, tsopano pakufunika kugawa zimene malemu asiya, nambala zomwezi ndi zimene zimateteza mayi wamasiye ndi ana ake kwa anthu ofuna kuwadyera masuku pamutu. Lero tikambe mbiri ya munthu amene, zaka pafupifupi 1,200 zapitazo, anakhala pansi n'kulemba mwadongosolo njira yowerengera magawo amenewa kuti aliyense athe kuitsatira. Dzina lake ndi Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, Allah amuchitire chifundo.

Kwawo ndi kumene anagwirira ntchito

Al-Khwarizmi anabadwa cha m'ma 780, m'zaka za zana lachiwiri chichitikire Hijra. Dzina lakeli limaloza dera la Khwarazm, kwawo kwa makolo ake, monga mmene kunonso timatchulira munthu ndi kumene akuchokera. Derali lili m'mbali mwa mtsinje wa Amu Darya, kum'mwera kwa nyanja ya Aral, komwe lero kuli mzinda wakale wa Khiva m'dziko la Uzbekistan.

Koma ntchito imene timamudziwira anaigwirira ku Baghdad. Mzindawu unamangidwa ndi Khalifa al-Mansur m'chaka cha 762 m'mbali mwa mtsinje wa Tigris, ndipo unakula msanga n'kukhala likulu la ulamuliro, malonda ndi maphunziro. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 700, anthu a mumzindawo anali atayamba kupanga mapepala, zimene zinapangitsa kuti kulemba ndi kukopera mabuku kukhale kotsika mtengo kusiyana ndi nthawi imene ankalemba pa zikopa.

Khalifa al-Ma'mun, mwana wa Harun al-Rashid, analamulira kuyambira 813 mpaka 833. Iyeyu ankakonda maphunziro ndipo ankathandiza akatswiri omasulira mabuku a Chigiriki, Chiperezi ndi a ku India kupita m'Chiarabu. Al-Khwarizmi anali mmodzi mwa ophunzira ogwira ntchito ku nyumba yosungira mabuku ya Khalifa, yodziwika kuti Bayt al-Hikma, kutanthauza Nyumba ya Nzeru. Kumeneko anawerenga zimene anthu a mitundu ina anali atapeza kale. Paja mutu umodzi susenza denga: iye sanachite manyazi kuphunzira kwa Amwenye ndi Agiriki, ndipo luso lake linali losonkhanitsa nzeru zomwazikana n'kuziika mumndandanda womveka.

Vuto limene anapeza pakati pa anthu

Qur'an Yolemekezeka, m'Surat An-Nisa, ndime 11, 12 ndi 176, inaika magawo a olowa m'chuma chamasiye. Magawo otchulidwa ndi asanu ndi limodzi: 1/2, 1/4, 1/8, 2/3, 1/3 ndi 1/6. Phunziro la kagawidwe kameneka limatchedwa Faraaidh kapena Miraath, ndipo pakati pa Maswahaba, Zayd ibn Thabit, Allah asangalale naye, ndi amene ankadziwika kwambiri nalo.

Kudziwa lamulo n'chinthu china, kuliwerengera n'chinthu chinanso. Banja lililonse lili ndi kaimidwe kake. Wina wasiya mkazi, makolo ndi ana. Wina wasiya ngongole. Wina wasiya wasiya woti gawo lina lipite kwa munthu amene si wolowa m'chuma. Nthawi zina magawo akaphatikizidwa amapitirira chuma chimene chilipo. Mwachitsanzo, mkazi akamwalira wopanda mwana n'kusiya mwamuna wake ndi abale ake awiri aakazi, mwamuna ali ndi 1/2, abale aja ali ndi 2/3. Kuphatikiza 3/6 ndi 4/6 kumapereka 7/6, chonsecho chuma chonse ndi 6/6. M'nthawi ya Khalifa Umar, Allah asangalale naye, njira inakhazikika yoti zikatero chumacho chigawidwe pa 7 m'malo mwa 6, mwamuna atenge 3, abale atenge 4, kuti kuchepako kukhudze onse mofanana. Njira imeneyi imatchedwa awl.

Choncho oweruza a ku Baghdad ankafunikira anthu odziwa masamu tsiku ndi tsiku. Woweruza akalakwitsa kuwerengera, amene ankavutika ndi munthu wopanda mphamvu zodandaulira.

Buku la al-jabr

Cha m'ma 820, al-Khwarizmi analemba buku lotchedwa al-Kitab al-Mukhtasar fi Hisab al-Jabr wal-Muqabala, ndipo analipereka m'dzina la Khalifa al-Ma'mun. Koyambirira kwa bukulo anafotokoza kuti walemba zinthu zosavuta komanso zothandiza zimene anthu amazifuna nthawi zonse: pogawana chuma chamasiye, pokwaniritsa wasiya, pa milandu, pa malonda, poyeza minda ndi pokumba ngalande. Silinali buku longodzionetsera kwa akatswiri anzake. Pafupifupi theka la bukuli ndi mafunso a wasiya ndi chuma chamasiye.

Mawu awiri a pa dzina la bukuli ndi njira ziwiri zofewetsera funso. Al-jabr ndi kubwezeretsa: ngati mbali imodzi ya funso yachotseredwa kanthu, mumaonjezera kanthu komweko kumbali zonse ziwiri kuti chopereweracho chidzaze. Al-muqabala ndi kufananiza: ngati chinthu chofanana chikupezeka mbali zonse ziwiri, mumachichotsa uku ndi uku, monga wogulitsa amachotsera miyala yolemera mofanana pa sikelo popanda kusokoneza muyeso. Mukabwereza njira ziwirizi, funso lalitali limafupika mpaka yankho lionekere.

Chodabwitsa n'choti m'buku lonseli mulibe zizindikiro zimene ana athu amalemba lero. Zonse analemba m'mawu, ngakhale nambala zomwe. Chosadziwika chimene akuchifunafuna ankachitchula kuti shay', kutanthauza chinthu.

Funso la mayi wosiya wasiya

Tiyeni tione funso limodzi la m'bukuli, koma tilembe ndi nambala zathu za lero. Mayi wamwalira n'kusiya mwamuna wake, mwana wamwamuna mmodzi ndi ana aakazi atatu. Asanamwalire anasiya wasiya woti munthu wina wapadera apatsidwe 1/8 ndi 1/7 ya chuma chake. Aliyense alandire zingati?

Poyamba tiphatikize 1/8 ndi 1/7. Magawo awiriwa ndi osiyana kukula, ndiye sangaphatikizidwe momwemo, monga simungatenge ndowa ya usipa ndi mbale ya usipa n'kunena kuti muli ndi miyeso iwiri. Pafunika muyeso umodzi. Tifune nambala imene ikugawika ndi 8 komanso ndi 7 popanda chotsala. Nambalayo ndi 56. Ndiye 1/8 ndi 7/56, ndipo 1/7 ndi 8/56. Pamodzi zikhala 15/56. Wasiya saloledwa kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma popanda chilolezo cha olowa m'chumacho. Gawo limodzi mwa atatu la 56 ndi 18 ndi kanthu, choncho 15 sanadumphe malire. Zotsalira abanja ndi 41/56.

Kachiwiri tione abanjawo. Mwamuna ali ndi 1/4 popeza malemu asiya ana. Zotsalazo ndi za ana, wamwamuna miyeso iwiri, wamkazi aliyense muyeso umodzi, yonse pamodzi miyeso 5. Tikachulukitsa 4 ndi 5 tipeza 20. Mwa 20 ameneyu mwamuna atenga 5, patsala 15: mwana wamwamuna 6, ana aakazi 3 aliyense.

Koma 41 sakugawika bwino pa 20. Ndiye tichulukitse 56 ndi 20, chuma chonse tichione ngati magawo 1,120. Munthu wa wasiya uja atenga 300. Patsala 820, ndipo tikagawa 820 pa 20 tipeza 41. Mwamuna atenga 205, mwana wamwamuna 246, ana aakazi 123 aliyense. Phatikizani 300, 205, 246 ndi 369 ya ana aakazi atatu aja, mupeza 1,120 ndendende. Palibe chotsala choti wina abise m'thumba.

Funso la mwana wangongole

Funso lina likuonetsa mmene ankagwiritsira ntchito chinthu chosadziwika chija. Bambo wasiya ana aamuna awiri ndi wasiya wa 1/3 kwa munthu wapadera. Ndalama zimene zili m'manja ndi madirham 10, ndipo mmodzi mwa anawo ali ndi ngongole ya madirham 10 kwa bambo akewo. Mwana wangongoleyo salandira kanthu m'manja. Gawo lake lichotsedwa pa ngongole yake. Gawo limenelo ndi limene tikulifuna, ndiye tilitche chinthu.

Chuma chogawidwa ndi 10 kuphatikizapo chinthu. Tikachotsa 1/3 ya wasiya patsala 2/3. Ana awiri akagawana 2/3, aliyense apeza theka lake, lomwe ndi 2/6, ndipo tikafupikitsa ndi 1/3. Ndiye gawo la mwana mmodzi ndi madirham 3 ndi 1/3, kuphatikizapo 1/3 ya chinthu. Koma tanena kale kuti gawo limeneli ndilo chinthu chathunthu. Tichotse 1/3 ya chinthu mbali zonse ziwiri: patsala kuti 2/3 ya chinthu ndi madirham 3 ndi 1/3. Kuti 2/3 ikhale yathunthu timaonjezerapo theka lake, ndipo tichite chimodzimodzi kumbali inayo. Chinthu chija ndi madirham 5. Wa wasiya atenga 5, mwana wopanda ngongole atenga 5, ndipo wangongole achotseredwa 5 pa ngongole yake.

Njira yomweyi kwathu kuno

Tiyerekeze bambo wolima mbatata ya kachewere ku Bembeke, m'mapiri a Dedza, amene ankatsika nayo pa Khwekhwerere kukagulitsa ku Golomoti ndi m'misika ya kunyanja. Wamwalira osasiya wasiya. Atalipira za maliro ndi ngongole zake, patsala K720,000. Wasiya mkazi, mayi ake, bambo ake, mwana wamwamuna ndi mwana wamkazi.

Mkazi ali ndi 1/8, mayi 1/6, bambo 1/6. Nambala yogawika ndi 8 komanso ndi 6 ndi 24, imene akatswiri a Faraaidh amaitcha tsinde la funso. Mkazi 3, mayi 4, bambo 4, pamodzi 11/24. Patsala 13 ya ana, yoti igawidwe miyeso itatu. Popeza 13 sagawika pa 3, tichulukitse zonse ndi 3, tsinde likhale 72, ndipo gawo lililonse ndi K10,000. Mkazi alandira K90,000, mayi K120,000, bambo K120,000, mwana wamwamuna K260,000, mwana wamkazi K130,000.

Tsopano onani zimene kulakwitsa kumachita. Ana ambiri, ndi akulu omwe, amaphatikiza nambala zapamwamba pazokha ndi zapansi pazokha, n'kunena kuti 1/8, 1/6 ndi 1/6 ndi 3/20. Pa K720,000, 3/20 ndi K108,000 chabe, pomwe 11/24 ndi K330,000. Mayi wamasiye ndi nkhalamba ziwiri zija aluza K222,000. Kulakwitsa kwina ndi koyamba kuchotsa gawo la mkazi, kenako n'kuwerengera 1/6 pa K630,000 yotsalayo. Pamenepo mayi a malemu alandira K105,000 m'malo mwa K120,000. Magawo atatuwa amawerengeredwa pa chuma chonse. Nthawi zambiri palibe amene amafuna kuba, koma haki ya munthu imatha kusowa chifukwa chongosemphanitsa dongosolo.

Ntchito zake zina

Al-Khwarizmi analembanso buku lofotokoza kawerengedwe ka ku India, kogwiritsa ntchito zizindikiro zisanu ndi zinayi ndi kabwalo kosonyeza malo opanda kanthu. Kabwaloka Aarabu anakatcha sifr, ndipo mawu oti ziro anachokera pamenepo. M'bukumo anaphunzitsa kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, komanso magawo, kuphatikizapo magawo a 60 amene akatswiri a zakuthambo ankagwiritsa ntchito. Magawo amenewa tikanali nawo mpaka lero pa wotchi: mphindi 60 pa ola. Buku la Chiarabulo linasowa, koma zimene linaphunzitsa zinasungika m'mabuku omasuliridwa m'Chilatini.

Anakonzanso ndandanda ya kayendedwe ka dzuwa, mwezi ndi nyenyezi yotchedwa Zij al-Sindhind, potengera mabuku a ku India. Analemba buku la maonekedwe a dziko, Kitab Surat al-Ard, m'mene anaikamo malo oposa 2,000: mizinda, mapiri, nyanja, zilumba ndi mitsinje. Anatsatira ntchito ya Ptolemy, katswiri wakale wa ku Alexandria, koma anakonza zina zimene uja analakwitsa, monga kutalika kwa nyanja ya Mediterranean. Buku lokopedwa pamanja limene latsala likusungidwa ku Strasbourg m'dziko la France, ndipo muli mapu a mtsinje wa Nile.

Imfa yake ndi ulendo wa dzina lake

Al-Khwarizmi anamwalira cha m'ma 850. Ntchito yake inapitirira ndi ena. Abu Kamil wa ku Egypt anakulitsa phunziro la al-jabr. M'zaka za m'ma 1100, kumpoto kwa Africa kuno, katswiri wa ku Morocco dzina lake al-Hassar analemba magawo ndi kamzere pakati pa nambala yapamwamba ndi yapansi. Amwenye ankasanjikiza nambalazo popanda kamzere. Kamzere kamene mwana wanu amajambula m'kope kamapezeka kale m'mabuku a al-Hassar.

M'chaka cha 1145, Robert of Chester anamasulira buku la al-jabr m'Chilatini ali ku Segovia m'dziko la Spain, ndipo mawu oti algebra anafalikira kuchokera ku dzina la bukulo. Leonardo wa ku Pisa, wodziwika kuti Fibonacci, anaphunzira masamu a Aarabu ali mnyamata ku Bejaia m'dziko la Algeria, ndipo m'chaka cha 1202 analemba Liber Abaci, buku limene linathandiza kufalitsa nambalazi pakati pa amalonda a ku Ulaya. Buku la al-jabr lokopedwa pamanja m'Chiarabu likusungidwa ku Oxford, ndipo Frederic Rosen analimasulira m'Chingerezi m'chaka cha 1831.

Dzina la mwini wakenso linayenda. Olemba Chilatini analisandutsa Algoritmi, ndipo lero akatswiri a makompyuta amati algorithm akamanena za ndondomeko yotsatira sitepe ndi sitepe mpaka yankho lipezeke. Foni ili m'manja mwanuyo imayendera ndondomeko zoterezi. Ndipo mukaoloka malire pa Dedza kulowa ku Angonia m'dziko la Mozambique, mwana wa sukulu kumeneko akamaphunzira m'Chipwitikizi amatcha chizindikiro cha nambala kuti algarismo. Akutchula dzina la munthu wa ku Khwarazm uja tsiku lililonse. Ngakhale pa mwezi pali chigwa chimene akatswiri anachipatsa dzina lake.

Phunziro kwa ife

Chimene al-Khwarizmi anasiya si mayankho okha ayi, koma njira yoonekera poyera. Aliyense wodziwa kuwerenga angathe kutsatira sitepe iliyonse n'kuona ngati pena palakwika. Kugawa kukamachitika motere, mawu a munthu wamphamvu pabanja salemera kuposa nambala, ndipo mayi wamasiye safunika kukuwa kuti amvedwe. M'dziko lathu lino nkhani zolanda chuma chamasiye si zachilendo, mwakuti lamulo la boma la m'chaka cha 2011 lokhudza chuma cha anthu omwalira linaika mchitidwe umenewu kukhala mlandu.

Kudziwa amene ayenera kulowa m'chuma, amene atsekerezedwa ndi wina, ndi gawo la aliyense, ndi ntchito ya masheikh amene anaphunzira Faraaidh, ndipo tizipita kwa iwo. Koma kuwerengerako tonse tingakuphunzire. Mwana wa ku madrassa asauzidwe kuti masamu ndi a kusukulu kokha, ndipo wa kusukulu asauzidwe kuti masamu alibe gawo pa Deen. Atsikana athu makamaka tiwalimbikitse, chifukwa magawo ambiri otchulidwa m'Surat An-Nisa amakhudza iwo: mkazi, mayi, mwana wamkazi ndi mlongo.

Madzulo ano mwana akatsegula kope, khalani naye pafupi. Mupatseni 1/8, 1/6 ndi 1/6 kuti aphatikize. Akapeza 3/20, tengani nyemba 24, muziike pa mphasa, ndipo agawe yekha mpaka aone 11 ndi maso ake. Tsiku lina adzakhala pa bwalo la banja, anthu ali ndi chisoni komanso mitima ili m'mwamba, ndipo adzatha kufotokoza modekha gawo la aliyense.

Tikupempha Allah amukhululukire Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, awapatse ana athu maphunziro opindulitsa, ndipo atiteteze kuti tisadye chuma cha ana amasiye. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.